Mtsuko Umene Alamu Anga Anakwecha

Ana anga, gawo lino ndi la zaka khumi ndi zinayi zimene ndinagwira ntchito ku Doha. Sindilemba zonse, poti masiku ambiri anali ofanana. Ndilemba za mabwana amene ndinawatumikira, za mitsuko ya ku Japan imene ndinkaisamala, ndi za ankolo anu a Jafali, amuna awo a chemwali anga Mariamu. Inu mumadziwa kuti iwo anabwezedwa kumudzi atangokhala miyezi isanu ndi iwiri chifukwa anawononga katundu wa bwana. Zimenezo n'zoona, koma si zonse. Chotsalacho ndimachidziwa ndine ndekha, ndipo ndakalamba.

Chaka choyamba mpaka chachitatu: Al Khulaifat

Ndinafika ku Doha ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, nditagwirapo kale ulonda ku Limbe. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma Chingerezi ndinkachidziwa chokwanira kuyankha bwana ndi kulemba lipoti. Kampani ya alonda inandiika pageti la nyumba zosanja ku Al Khulaifat. Tinkagona amuna asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, pamabedi osanjikiza, aliyense chikwama chake kumutu. Nyengo yotentha madzi a pampopi ankatuluka ngati owiritsa, moti tinkatunga m'mawa n'kuwasiya mu ndowa kuti azizire. Anatipatsa mayunifolomu awiri ndi nsapato peyala imodzi. Phula la mumsewu linadya nsapatozo kunsi chaka chisanathe. Nditapempha zina, supavaiza wathu, munthu wamfupi amene sankayang'ana mnzake kumaso, anati, "Bukra, inshallah," ndiye kuti mawa Mulungu akalola. Mawa lakelo linatenga miyezi inayi. Ndinkayala makatoni m'kati mwa nsapato, koma pamwamba ndinkapolisha tsiku ndi tsiku. Palibe munthu anandipezapo nditakhala pansi nthawi ya ntchito, kapena nditamasula batani la kukhosi. Amalawi anzanga pakampu anayamba kunditcha Sajeni. Ankandinyogodola, koma ine dzinalo ndinalilandira.

Chaka chachinayi: Al Waab

Anandisamutsira pageti la mpanda wa nyumba zikuluzikulu ku Al Waab. Tsiku lina masana kunabwera galimoto ya katundu. Amuna awiri anatsitsa bokosi lamatabwa n'kuyamba kulikankha ndi mapazi, poti kunkatentha ndipo ankafulumira. Ndinawaletsa. Za m'kati sindinkazidziwa, koma mivi yojambulidwa pabokosilo inkayenera kuloza kumwamba, iwo analigoneka cham'mbali. Ndinalinyamula ndekha pachifuwa mpaka pakhomo la mwini wake. Mwini wakeyo ankaona zonsezi pawindo. Patapita miyezi iwiri anakonza mapepala, ndinachoka kukampani ya alonda n'kukhala wantchito wa m'nyumba mwake.

Tonse ogwira ntchito tinkawatcha a Baba, monga amachitira kumeneko, ngakhale ankandiposa ndi zaka khumi zokha. Anali munthu wa dziko lomwelo, wopuma pantchito, wosalankhulalankhula. Pa ntchito yawo ya gasi anayenda ku Japan kambirimbiri, ndipo kumeneko ndiko anatengera matenda a mitsuko. Ndikuti matenda chifukwa akazi awo ankatero. M'chipinda china chapamwamba munali makabati a galasi kuzungulira khoma lonse, m'kati mwake mitsuko yoikamo maluwa, koma yopanda maluwa. Makina oziziritsa m'chipinda chimenecho sankazimitsidwa.

Tsiku loyamba kundilowetsamo anandiuza m'Chingerezi, "Vula wotchi. Vulanso mphete. Gwada pakapeti."

Ine ndinkayesa akufuna tiswali, tipemphere. Iwo anatsegula kabati.

"Mtsuko sunyamulidwa munthu ataimirira," anatero. "Ukakupulumuka uli pafupi ndi pansi, mwina ukhala. Dzanja limodzi kunsi, lina m'mbali. Pakhosi usagwire."

Anandiphunzitsa miyezi yambiri, pang'onopang'ono. Pamwamba pa mtsuko uliwonse pali chimene iwo ankachitcha gilezi, chinthu chonga galasi chimene chimasungunukira padongo m'ng'anjo. Ine ndinkangoti khungu. Khungulo ndilo ankalifuna, osati mtsuko. Unalipo wakuda bii wokhala ndi timadontho tonyezimira ngati mafuta agwera m'madzi. Unalipo wofiira ngati magazi, umene ankati mpweya ukangolowa m'ng'anjo nthawi yolakwika umatuluka wotuwa, wosagulitsika. Inalipo ina yokhakhala, yopindika, imene kwathu mayi woumba akanaitaya kudzala, koma m'mbali mwake munayenderera dontho lobiriwira. Dontholo sanalipake munthu. Ndi phulusa la nkhuni limene linagwera lokha padongo n'kusungunuka, moto utayaka masiku angapo osazima. Ankati woumba akatsegula ng'anjo, yambiri amaiswa yekha ndi nyundo, n'kusunga yochepa. Uliwonse unali ndi bokosi lake la thabwa lopepuka, lolembedwa ndi dzanja m'zilembo za kwawoko.

Umodzi wokha sunkakhala m'kabati. Unkakhala pakona, pathabwa lakuda, ndipo ndiwo wokha ankauikamo madzi ndi nthambi imodzi ya maluwa. Unali wakale kuposa yonse, wochokera kumalo otchedwa Hagi. Khungu lake linali loyera motuwirako, lodzaza ndi timing'alu ting'onoting'ono ngati matope a m'dambo akauma. M'timing'alumo munalowa mtundu wa tiyi, ndipo mbali imodzi panali banga lalikulu longa la pakhoma pamene denga likudontha. Nditauona ndinachita manyazi m'malo mwa bwana.

"Baba, uwu wada," ndinatero. "Ndiutsuke?"

Anandigwira pamkono mwamphamvu. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo, tsiku limenelo lokha ndilo anandikhudza.

"Usadzayerekeze. Khungu analipanga woumba, koma mtundu uwu palibe munthu angaupange. Ndi madzi amene anthu ankathiramo, anthu amene anafa kalekale. Amalowa m'dongo pang'onopang'ono. Ukauchotsa, sudzabweranso ine ndi iwe tili moyo."

Kumapeto kwa chaka chimenecho anandipatsa kiyi wa chipindacho. Lamulo linali limodzi: kiyi sachoka m'thumba mwanga. Wophika sankalowamo, mayi wochapa zovala sankalowamo, ana a bwana ankagogoda. Ndinkapukuta mitsuko ndi kansalu kofewa kouma, Lolemba ndi Lachinayi, nditagwada. Pa zaka zisanu sindinagumule ngakhale kachidutswa. Alendo akabwera kudzaona, a Baba ankati, "Afunseni awa," ndipo ine ndinkatchula uliwonse ndi kumene unachokera. Munthu wa Sitandade 8. Musandifunse ngati mitsukoyo ndinkaikonda. Ndinkaidziwa.

Chaka chachisanu ndi chinayi: kubwera kwa a Jafali

Wosamalira panja atabwerera kwawo, a Baba anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wokhulupirika. Chemwali anga anali akundipempha pafoni iliyonse. Alamu anga a Jafali anali telala ku Ntaja, koma makasitomala anali atathawira ku kaunjika, ndipo munda unawakana zaka ziwiri zotsatizana. Ndinawatchula. Anabwera ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, ndege asanakwerepo. Chingerezi chawo chinali "yes Baba" ndi "finish", basi. Aliyense m'nyumbamo akafuna kulankhula nawo ankadzera mwa ine.

Ndinene chilungamo: ntchito ankaigwira. Galimoto ankaitsuka mpaka kuseri kwa matayala. Matailosi a pabwalo ankawakwecha atagwada, dzuwa likuswa mtengo, akuimba. Anali munthu wa nthabwala, wosiyana ndi ine. Pasanathe mwezi wophika wa ku India anali akuwasungira nyama, ngakhale sankamvana liwu limodzi.

Tsiku lina tikudya masana kuseri kwa khitchini anati, "Alamu, m'chipinda chija mumadzitsekera muli chiyani? Mwabisamo mkazi wachiwiri? Nenani ndikauze akunyumba."

"Muli mitsuko."

"Ya madzi?"

"Yongoyang'ana."

Anaseka mpaka kutsamwa mpunga. "Ha! Mtunda wonse uja pandege kudzalondera mitsuko? Mukananena, kwa apongozi ilipo yambirimbiri, ina nkhuku zikuikiramo mazira."

"Si za inu zimenezo. Samalani payipi yanu."

Anadzafunsanso kawiri, osaseka. Kachiwiriko anati, "Tandionetsani chabe, alamu, ndidziweko. Mawa mukadwala ndani adzagwire?" Ndinakana. Sikuti bwana analetsa kufotokoza. Analetsa kiyi, osati pakamwa. Ndinakana chifukwa m'nyumba monse muja chinthu chimodzi chokha chimene chinkandisiyanitsa ndi wina aliyense wogwira tsache chinali chipinda chimenecho, ndipo sindinkafuna kugawana ndi munthu wonditcha Sajeni akuseka.

Chaka chomwecho, kumapeto kwa nyengo yotentha

A Baba ndi banja lawo anali kunja kwa dziko kuthawa kutentha. Ankayembekezeka kubwerako Lachinayi m'mawa. Lolemba ndi Lachiwiri kunawomba mphepo ya fumbi, ndipo fumbi la kumeneko limalowa ngakhale mawindo ali otseka. Nyumba yonse inafunika kuyambiranso. Lachitatu linali tsiku langa lokakonzetsa chitupa chokhalira m'dziko, ndipo kumeneko munthu umachoka m'mawa osadziwa nthawi yobwerera. Ndinawerengera ntchito ndi maola, sizinakwane. Ndinatulutsa kiyi n'kuwapatsa alamu.

"Mukapukute pansi ndi magalasi a makabati. Chilichonse chiwale. A Baba asadzapeze litsiro ngakhale pang'ono."

"Mafi mushkila, Sajeni," anatero, ndiye kuti palibe vuto, n'kumenya sawatcha.

Mawu anga anali omwewo. Sindinaonjezere kanthu. Ine amene tsiku loyamba ndinafuna kuutsuka mtsuko wa pakona uja, ndinadziwa bwinobwino chimene munthu wa kwathu amaganiza akauona. Sindinanene.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Ndinawapeza kuseri, pampopi wa panja, akundidikira ndi nkhope ya munthu amene wapha nyama.

"Alamu, bwerani muone. Zaka zonsezi mukudzitama ukhondo, koma mtsuko wa pakona uja munausiya ngati wa kukhola. Ya m'makabati sindinaikhudze, ili bwino. Uwu ndinauviika m'mankhwala oyeretsera zovala kuyambira m'mawa, kenako sitiliwulu. Unkakana, koma wagonja. Taonani."

Unali pathawulo, pamthunzi. Banga lalikulu lija linali litapita, patangotsala chithunzithunzi chachikasu. Timing'alu tinali titayera. Khungu lonse linali ndi mikwingwirima ya sitiliwulu, losanyezimiranso, ngati mbale ya pulasitiki yakale. Ndinagwada n'kuunyamula. Dongo lake ndi lomwa madzi, ndiye linamwanso mankhwala aja. Unkanunkha ngati bafa la chipatala.

"Bwanji, alamu? Ndaswa penapake?"

"Bola mukanaswa. Wosweka amaulumikiza."

Ndinawafotokozera pamenepo, m'mphindi zisanu, zimene ndinakana kuwafotokozera miyezi isanu ndi iwiri. Anamvetsa msanga, sanali munthu wopusa. Anakhala pansi pasimenti yotentha.

"Nanga bwanji simunanene?"

Ndinatenga kiyi m'manja mwawo n'kumubwezera m'thumba.

Lachinayi

Ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza, ndiye musadzanene kuti bambo anachita mwangozi. Iwe Amina unali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino. Iwe Yusufu unali Fomu 3. Mayi anu anali atayamba kudwala shuga. Ndinkadziwa kuti ndikanena kuti kiyi ndinapereka ndine, ndaphwanya lamulo lokhalo limene ndinapatsidwa. Koma ndisabisale kumbuyo kwanu. Chimene ndinkaopa kwambiri si njala ya ana. Ndinkaopa kuima pamaso pa a Baba ngati munthu wolephera.

A Baba anafika, anasamba, anakwera pamwamba. Mtsuko ndinali nditaubwezera pathabwa lake. Kenako anatiitana tonse awiri. Tinawapeza atakhala pakapeti, mtsuko uli pamiyendo pawo. Sanakalipe. Pa moyo wanga ndakalipiridwa ndi mabwana ambiri, ndipo ndikanakonda zimenezo.

"Ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Jafali, Baba. Ankayesa ndi litsiro."

"Unamuuzapo kuti asaukhudze?"

"Kambirimbiri."

"Kiyi anamupeza bwanji?"

"Ndinamusiya m'chipinda changa popita kukakonzetsa chitupa. Anatenga yekha."

Alamu anali ataima pambali panga, kapu ili m'manja, akuyang'ana pakamwa panga ndi pakamwa pa bwana. Anandikoka malaya.

"Alamu, auzeni kuti sindinadziwe. Auzeni kuti munandituma ndinu, munati chilichonse chiwale. Ine ndimafuna akabwera akondwe. Auzeni choncho, amvetsa, ndi munthu wa Mulungu."

"Akuti chiyani?" anafunsa a Baba.

"Akuti apepesa. Sadzachitanso."

A Baba anasisita mtsuko uja ndi chala, pamene panali banga. Anayankhula osadzutsa mutu.

"Za mtsuko ndikanamusiya. Munthu sangadziwe chimene sanakule nacho, ndipo iwenso unafuna kuutsuka. Koma munthu wotenga kiyi amene sanapatsidwe sangakhale m'nyumba imene muli akazi ndi ana anga. Khalasi, nkhani yatha. Zake zonse apatsidwe, tikiti ndigula. Apite pasanathe sabata."

Pamenepo khomo linali lotseguka. Ndikanangoti, Baba, kiyi ndinamupatsa ndine, mwina tonse tikanakhala. Mwina ndikanapita ine. Ndinamva mawuwo akubwera pakhosi. Ndinawameza.

"Akuti bwanji, alamu?"

"Akuti mtsukowo unali wosowa kwambiri. Sangathe kukhululuka."

Alamu anagwedeza mutu. Anagwada pamaso pa bwana n'kunena Chingerezi chimene anali nacho, "Yes Baba. Finish." Kenako anatuluka.

Ku bwalo la ndege ndinawaperekeza ndine, Lolemba m'mawa. Anali ndi chikwama chomwe anabwera nacho, ndi katoni ya zipatso za tende imene wophika anawapatsa. M'galimoto sanachite nthabwala. Titafika pamene operekeza amalekezera, anaika katoni pansi n'kundigwira manja onse awiri.

"Alamu, zikomo. Chizungu sindimva, koma ndinaona mmene munalimbikira kundiyankhulira. Thukuta linali kamukamu. Musadziimbe mlandu, wokwecha ndinali ine."

Ndinati, "Muyende bwino."

Chaka chakhumi mpaka chakhumi ndi chinayi

Mtsuko wa Hagi anauika m'bokosi lake n'kumanga chingwe. Sanautulutsenso. Pakona paja panakhala thabwa lokha. A Baba anagulabe ina, iwiri kapena itatu pachaka, koma palibe umene anauikamo madzi. Ine anandikhulupirira kuposa kale. Alendo akabwera ankawauza kuti, "Uyu sanabise ngakhale za m'bale wake." Ndinamva mawu amenewo kambiri, nditaima chilili, manja kumbuyo. Ndinagwira zaka zina zisanu, mpaka mawondo anakana kugwada ndipo dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Munthu wonjenjemera sagwira mtsuko. Ndinapempha ndekha kupuma, sanandichotse.

Za alamu mukuzidziwa. Kumudzi nkhani inafika iwo asanafike, ndipo pamsika wa Ntaja ankawatcha Che Mtsuko. Ankaseka nawo, koma chemwali anga amati kunyumba sankaseka. Makina osokera anali atagulitsa ponyamuka. Anakagwira ganyu kumaesiteti a fodya, anabwerako ndi chifuwa. Ana awo awiri anasiyira sukulu panjira pamene inu munkamaliza. Ndikabwera patchuthi ndinkawatengera malaya ndi mafuta onunkhira, iwo n'kumandiphera nkhuku. Ndinadya nkhuku zimenezo.

Tsopano

Dzinja lapitalo a Jafali tinawaika m'manda. Titabwera kumanda, chemwali anga anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anandiuza kuti mpaka masiku omaliza amuna awo ankati, pa abale onse, munthu amene anawaimirira pamaso pa Mwarabu ndine. Anati anasiya mawu oti ana awo akakhala ndi nkhani azibwera kwa ine, poti ndine munthu wosanama. Ndinayang'ana pansi. Iwo anayesa ndi chisoni.

Ndayesa kawiri kupita kukanena ndi pakamwa. Kawiri konse ndinakafika, ndinamwa tiyi, ndinafunsa za mbewu, n'kubwerera. Pakamwa panga ndapadziwa tsopano. N'chifukwa chake ndalemba.

Azakhali anu sadziwa kuwerenga. Amina, ukadzabwera mwezi wa mawa udzatenge mapepala awa, tidzapite limodzi ku Ntaja. Udzawawerengere kuyambira pamene ndinapereka kiyi mpaka pa bwalo la ndege, mmene ndalemberamu, osafewetsa liwu, osadumpha mzere. Ine ndidzakhala pampando pafupi nanu. Ndikadzakuuza kuti usiye, usadzandimvere.